Mlonda wa pa Golo: Mbiri ya Kennedy Mweene

M'midzi ya Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, dzuwa likapendeka ndipo ng'ombe zikalowa m'khola, anyamata amasonkhana pa bwalo la sukulu ndi mpira wao wa nsanza womanga ndi luzi. Kugawana magulu sikuwatengera nthawi. Mkangano umabuka pa cinthu cimodzi cokha: ndani akaime pa golo? Mnyamata ali yense afuna kutsogolo, kumene kumacokera zigoli ndi kumene atsikana amaimbira nthungululu. Pakati pa njerwa ziwiri zija amakankhirapo wamng'ono, kapena wopanda liwiro, kapena amene wafika mocedwa. Akagwira mipira khumi palibe amene amamchula, koma ukampulumuka umodzi, dzina lace limamveka kufikira ku nyumba za kumapeto a mudzi. Momwemonso ndi m'makomboni a ku Lusaka ndi a ku migodi. Komabe pamene dziko la Zambia linatenga cikho cacikuru ca mpira wa mu Africa m'caka ca 2012, linacilandira kupyolera m'manja a munthu woima pa malo okanidwawo. Munthuyo ndiye Kennedy Mweene, ndipo mbiri yace siingamveke bwino popanda kuyamba ndi alonda amene anaima pa golopo iye asanafikepo.

Alonda oyamba

Mpira wa dziko lino unakulira ku migodi ya mkuwa. Makampani a migodi anamanga mabwalo nasunga matimu, kuti anchito apeze cosangalala naco atatuluka pansi pa nthaka. Ku Luanshya kunali Roan United, ku Nkana kunali Rhokana United, ku Chingola kunali Nchanga Rangers, ndipo ku Mufulira kunali Mufulira Wanderers. Ligi ya dziko lonse inayamba m'caka ca 1962, ndipo a Roan United ndiwo anayamba kuitenga. Pakati pa oonerera panali anthu ambiri a kum'mawa, Acewa, Angoni ndi Ansenga, amene anasiya minda yao ku Fort Jameson, ku Katete ndi ku Chadiza kukafuna ndarama za msonkho ndi za zobvala. Otsala ku mudzi anali kuumva mpirawo pa wailesi, makamaka m'mau a malemu a Dennis Liwewe, amene anabadwira ku Nyasaland, nagwira nchito ku migodi, nakhala muulutsi wa mpira wochuka koposa onse m'dziko lino.

M'caka ca 1974 timu ya dziko, imene masiku ajawo inali kuchedwa KK Eleven, inafika pa masewera otsiriza a cikho ca Africa ku Cairo. Pa golo panaima Emmanuel Mwape. Analingana ndi a Zaire 2 kwa 2, ndipo atabwereza masewerawo patapita masiku awiri, a Zaire anapambana 2 kwa 0. Zigoli zonse zinai za Zaire anamwetsa munthu mmodzi, Mulamba Ndaye. Cikho cinaonekera pafupi, koma sicinabwere.

Pambuyo pace anabuka David Efford Chabala, mwana wa ku Mufulira wobadwa mu 1960, amene anasunga golo la Wanderers ndi la dziko zaka zambiri. Anali munthu wa mapazi abwino, kotero kuti masiku ena ku Wanderers anali kubvula malaya a mlonda, nasewera kutsogolo, namwetsa zigoli. Pa 19 September, 1988, pa masewera a Olympics ku South Korea, Zambia inagonjetsa Italy 4 kwa 0 mu mzinda wa Kwangju. Dziko lonse linachula Kalusha Bwalya cifukwa ca zigoli zace zitatu, ndipo kunali koyenera kutero. Koma panalinso nchito ya munthu amene sanalole Italy kumwetsa ngakhale cimodzi, ndiye Chabala.

Usiku wa ku Libreville

Pa 27 April, 1993, timu ya dziko inanyamuka ku Lusaka pa ndege ya asilikari ya mtundu wa Buffalo, ulendo wa ku Dakar kukasewera ndi Senegal m'masewera ofunira malo ku World Cup. Ndegeyo inatera ku Brazzaville, niteranso ku Libreville m'dziko la Gabon kuti imwe mafuta. Itangonyamuka ku Libreville usiku, injini ya kumanzere inagwira moto. Monga mwa lipoti limene boma la Gabon linaturutsa mu 2003, woyendetsa, amene anali wotopa ndi ulendo wa ku Mauritius dzulo lace, anazimitsa injini ya kumanja imene inali yabwino. Ndege inagwera m'nyanja ya mcere, mamita ngati 500 kucokera ku gombe. Anthu onse 30 amene analimo anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Anafanso aphunzitsi ao, Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Alonda a pa golo analimo awiri, Chabala ndi Richard Mwanza wa ku Kabwe Warriors, ndipo onse awiri anapita usiku umodzi. Anawaika pamodzi ndi anzao pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka, pa manda ochedwa Heroes' Acre.

Ngozi yotere siinali yoyamba m'mbiri ya mpira, ndipo pali yina ya ku Ulaya imene ithandiza kuonetsa kukula kwa tsoka la Zambia. Pa 6 February, 1958, ndege imene inanyamula timu ya Manchester United kucokera ku Belgrade inalephera kuuluka pa bwalo la ku Munich, niomba mpanda ndi nyumba. Anthu 23 anataya moyo, ndipo 8 mwa iwo anali osewera. Mlonda wa timuyo anali Harry Gregg, wobadwa mu 1932 ku Tobermore, m'dziko la Northern Ireland. Monga anyamata ambiri a ku Ireland, iye anaoloka nyanja kukagwira nchito ya mpira ku England, poyamba ku Doncaster Rovers, ndipo a Manchester United anamgula mu December 1957. Ataturuka wamoyo m'ndege yosweka ija, sanathawe ngakhale panali mantha akuti iphulika. Anabwereramo, naturutsa khanda, nabwereranso kukatenga amace, nakokanso anzace ena kuwacotsa pafupi ndi moto. Patapita masiku 13 okha anaima pa golo polimbana ndi Sheffield Wednesday, ndipo United inapambana 3 kwa 0. M'caka comweco anamchula mlonda wopambana pa World Cup ya ku Sweden. Anamwalira mu February 2020 ali ndi zaka 87.

Kusiyana kwace ndi kumeneku. Ku Manchester anamanga timu yatsopano ali ndi mlonda wao wakale pambuyo pao. Ku Zambia golo linatsala lapululu. Kalusha Bwalya anapulumuka cifukwa anali ku Holland ndi timu yace ya PSV, ndipo ndiye anatsogolera timu yatsopano, koma pa golo panafunika munthu wina. Katunduyo anamsenza James Phiri. Pa 4 July, 1993, timu yatsopanoyo inagonjetsa Morocco 2 kwa 1 ku Lusaka, pafupi ndi manda a anzao. Mu April 1994, caka cisanathe cicitikire ngozi, inafika pa masewera otsiriza a cikho ca Africa ku Tunis. Elijah Litana anamwetsa coyamba, koma Emmanuel Amunike wa ku Nigeria anabweza ziwiri. Kaciwiri cikho cinapita kwina.

Mnyamata wa ku Lusaka

Pa nthawi ya maliro aja Kennedy Mweene anali mwana wa zaka 8. Anabadwira ku Lusaka pa 11 December, 1984. Mpira wa akuru anauyamba ku Lusaka Dynamos, timu yodziwika ndi kulera anyamata, napita ku migodi kukasewera ku Kitwe United. Mu 2004 anayamba kuitanidwa ku timu ya dziko, imene tsopano inali kuchedwa Chipolopolo. Akali mnyamata wa zaka zongopitirira 20 anatsata njira imene makolo ambiri a kum'mawa anaitsata kale popita ku migodi ya golidi, ndiyo njira ya ku South Africa. Iwo anapita kukagwira fosholo, iye anapita ndi magolovesi. Analowa timu ya Free State Stars, ya ku dera la mapiri ndi lozizira pafupi ndi malire a Lesotho, nakhala kumeneko kufikira 2013. Siinali timu yolemera, ndipo mlonda wa timu yotere sagona pa nchito, cifukwa mipira imamfika kawiri kawiri. Kumeneko ndiko anaphunzira nchito yace, ndipo kumenekonso anazolowera cinthu cimene alonda ambiri sacita, ndico kumenya yekha mapenate a timu yace.

Pano pafunika kulongosola za penate, popeza mbiri ya munthuyu yagona pamenepo. Golo ndi lotambalala mayadi 8, ndipo msinkhu wace ndi mapazi 8. Mpira amauika pa mayadi 12. Ukamenyedwa ndi mphamvu umafika sekondi imodzi isanathe. Mlonda akayembekeza kuti aone kumene mpira walunjika, ndiye kuti wacedwa kale. Akadziponya msanga, womenya amaona, naukankhira mbali yina. Cotero mlonda ayenera kuwerenga munthu asanawerenge mpira: kathamangidwe kace, kumene laloza phazi loponda pansi, kumene capenya ciuno, ndi mantha amene ali m'maso mwace. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mweene anali kudziwa mtima wa womenya cifukwa iye mwini anaima pa malo amenewo nthawi zambiri.

Phunziro lowawa analilandira pa 25 January, 2010, ku Lubango m'dziko la Angola. Zambia ndi Nigeria anasewera mphindi 120 popanda cigoli, nalowa m'mapenate. Mweene anamenya yace namwetsa, koma sanagwire ngakhale imodzi ya Nigeria. Mlonda mnzace, Vincent Enyeama, anagwira ya Thomas Nyirenda, namenya yekha yotsiriza, ndipo Zambia inaturuka 5 kwa 4.

Njira ya ku Gabon

Cikho ca 2012 cinaseweredwa m'maiko awiri, Equatorial Guinea ndi Gabon. Zambia inaikidwa ku Equatorial Guinea, ndipo masewera otsiriza anali oti acitikire ku Libreville. Mphunzitsi anali Hervé Renard wa ku France, mtsogoleri wa osewera anali Christopher Katongo, ndipo mkuru wa bungwe la mpira la FAZ anali Kalusha Bwalya mwini. Ambiri mwa osewera anali a m'matimu a mu Africa momwemuno, ndipo akunja sanali kuwawerengera.

Anayamba ndi kugonjetsa Senegal 2 kwa 1 ku Bata, dziko lomwe lija akufawo anali kupitako. Analingana ndi Libya 2 kwa 2 pa bwalo lodzala madzi a mvula. Kucokera pamenepo palibe mpira unadutsanso Mweene m'kati mwa masewera. Anagonjetsa Equatorial Guinea 1 kwa 0, ndi Sudan 3 kwa 0. Pa 8 February anakomana ndi Ghana ku Bata. Mphindi khumi zisanathe woimbira mpira anapatsa Ghana penate, ndipo anaitenga Asamoah Gyan. Mweene anadziponya, naukankha. Ghana inapitiriza kuthira nkhondo masewera onse, koma sinapeze poloŵera, ndipo pa mphindi ya 78 Emmanuel Mayuka anamwetsa cigoli cimene cinatsegula njira ya ku Libreville.

Atafika ku Libreville, masewera asanacitike, timu yonse inapita ku gombe loyang'anana ndi pamene ndege inagwera. Anaimba, napemphera, naika maluwa m'mphepete mwa madzi. Zaka zinali zitapita pafupifupi 19, ndipo ena mwa anyamatawo anali makanda pa nthawi ya ngozi. Koma akuru anati mlandu suola.

Pa 12 February, 2012, anaima pamaso pa Côte d'Ivoire, timu ya Didier Drogba, Yaya Touré, Kolo Touré ndi Gervinho, amuna a m'matimu akuru a ku England. Mlonda wao, Boubacar Barry, anali asanatole mpira mu ukonde cikho conse. Pakati pa oonerera panali a Kenneth Kaunda ndi a Rupiah Banda, atsogoleri akale a dziko. Kuno kwao inali nyengo ya dzinja, cimanga ciri m'minda, ndipo m'midzi monga ya kwa Zingalume anthu anaunjikana pa mawailesi a mabatire ndi m'masitolo okhala ndi wailesi ya kanema, nacezera kufikira pakati pa usiku.

Pa mphindi ya 70 woimbira analoza pa penate, ndipo Drogba anaika mpira pansi. Mweene anaima pa mzere namyang'ana. Drogba anaumenya, ndipo unapita pamwamba pa mtanda. Mphindi 90 zinatha popanda cigoli, zoonjezera 30 zinathanso cimodzimodzi, ndipo mlandu unatsalira alonda awiri.

A Côte d'Ivoire ndiwo anayamba. Penate yao yacitatu, ya Sol Bamba, Mweene anaigwira, koma oimbira anati anacoka pa mzere msanga, nalamula kuti ibwerezedwe, ndipo Bamba anamwetsa. Munthu wa mtima wapacala akadataya nzeru pamenepo. Drogba anamwetsa yacisanu, zigoli zinakhala 5 kwa 4, ndipo Zambia ikadaphonya yotsatira, cikho cikadapita kacitatu. Amene anaturuka kukamenya penate yolemerayo anali Mweene. Anacoka pa mzere wa golo, naika mpira, naugubuduzira mu ukonde mosathamanga mtima, nabwerera pa malo ace. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Anapitiriza kufikira 7 kwa 7, anzace ali pakati pa bwalo, atagwirana mapewa, alikuimba. Pamenepo anadza Kolo Touré, ndipo Mweene anaugwira mpira wace, ulendo uno popanda cokana. Rainford Kalaba akadatsiriza nkhani, koma anauponya pamwamba. Gervinho nayenso anauponya pamwamba. Wotsiriza anali Stoppila Sunzu, ndipo anamwetsa. Zambia inapambana 8 kwa 7. Mapenate owerengedwa usiku umenewo anali 18, monga ciwerengero ca osewera amene anafera m'nyanja ya mzinda womwewo. Renard ananyamula m'manja Joseph Musonda, amene anabvulala kuciyambi kwa masewera, kuti akakondwere pamodzi ndi anzace. M'masewera 6 a cikhoco Mweene analola zigoli 3 zokha.

Zaka za pambuyo pace

Ulemu wa mpira sukhalitsa. Caka cotsatira, ku South Africa, Zambia inaturuka m'cigawo coyamba italingana masewera onse atatu. Koma mlonda sanagwe. Polimbana ndi Ethiopia anagwira penate ya Saladin Said. Pa 25 January, 2013, ku Nelspruit, zaka zitatu zeni zeni citacitikire ca ku Lubango, Nigeria inali kutsogola 1 kwa 0 pamene Zambia inalandira penate mphindi zisanu zitatsala. Mweene anayenda bwalo lonse kucokera ku golo lace, naima pamaso pa Enyeama yemwe uja, naukweza mpira m'ngodya ya pamwamba. Masewera anatha 1 kwa 1.

M'caka comweco analowa Mamelodi Sundowns ya ku Pretoria, timu yolemera ya mwini migodi Patrice Motsepe, imene mphunzitsi wace anali Pitso Mosimane. M'nyengo yace yoyamba, ya 2013 ndi 2014, anatenga nayo ligi ya South Africa. Pambuyo pace anakomana ndi yeso la mtundu wina. Denis Onyango wa ku Uganda anatenga malo oyamba, ndipo pa golo saimapo awiri. Wosewera wa kutsogolo akhoza kulowa mphindi khumi za kumapeto, koma mlonda waciwiri akhoza kukhala pa benci miyezi, alikucita zolimbitsa thupi tsiku ndi tsiku ngati adzasewera mawa. Anchito a ku migodi adziwa kuwawa kwace kwa kuona mnzako alandira ukapitao pa malo pamene unali iwe. Mweene anakhala ku Sundowns zaka khumi, nalowa pamene anafunika, ndipo m'zaka zimenezo timuyo inatenga ligi kawiri kawiri, nitenganso cikho ca matimu a mu Africa mu 2016. Anasiya kusewera mu 2023, nayamba nchito yophunzitsa alonda anzace pa timu yomweyo. Timu ya dziko lace anaisewerera masewera oposa 120.

Pafupi ndi manda a Heroes' Acre panamangidwa bwalo latsopano, National Heroes Stadium, limene linatsegulidwa mu 2014. Khamu lopita kukaonera mpira limadutsa pafupi ndi pamene agona Chabala ndi Mwanza. Iwo anatsekereza Italy ndi maiko ena ambiri, koma cikho sanacigwire. Mwape anaciona ku Cairo, Phiri anaciona ku Tunis, ndipo Mweene ndiye anacibweretsa kucokera ku mzinda umene unameza akuru ace. Tsono mnyamata wa kwa Zingalume amene anzace amkankhira pakati pa njerwa ziwiri asanyinyirike. Aphunzire kuyang'ana phazi la womenya, asacoke pa mzere msanga, ndipo mpira ukampulumuka autole m'chire, nabwerere pa malo ace.